Kalata kwa makolo a ana a Fomu 4 potseka teremu

Okondedwa makolo ndi nonse osunga ana athu,

Teremu yatha, ana alemba MSCE ndiye akubwera kwanuko kudzadikira zotsatira za MANEB. Zikomo chifukwa cha fizi komanso kubwera kumisonkhano ya PTA.

Miyezi yodikirayi ndi imene imandisowetsa tulo, chifukwa tikukubwezerani ana odziwa masamu a m'buku koma ambiri sanagwirepo ndalama yawoyawo n'kuiwerengera mpaka mwezi kutha. Ndiye chonde olo zinthu zavuta bwanji, mpatseni mwana kampamba ayambe kageni, kaya mandasi kaya tomato kaya nkhuku zingapo, ndi kope loti azilembamo zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, inu muziliona Loweruka madzulo. Aphunzire kuti mpamba sadya, amadya phindu basi, ndipo phindulo lina lizipita ku banki m'khonde kapena ku akaunti. Muja kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 tonse tinaona kuti ndalama yongosunga pansi pa pilo imachepa mphamvu, iwonso aziwone zimenezo ali pakhomo pomwe.

Muwauze mosabisa za katapila ndi kubetcha mpira, anyamata ambiri akuthera kumeneko. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba sapatsa munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani kapena ati watumiza ndalama molakwitsa mubweze.

Za ntchito, mwana aliyense amene wakwana zaka 16 akhale ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB, popanda chimenecho kubanki ndi kuntchito komwe amavutika. Si onse amene NCHE idzawasankhe kupita ku yunivesite ndipo palibe chochititsa manyazi kupita kumaphunziro a TEVETA, ukalipentala, zamagetsi, kusoka, kuwotcherera zitsulo, anthu akumanga nazo nyumba zimenezi. Akapeza ntchito azifika nthawi isanakwane, foni ikhale m'thumba, ndipo apemphe kalata yolembedwa yonena za malipiro osati zapakamwa. Aziwerenganso pepala la malipiro, adziwe kuti PAYE ndi msonkho wopita ku MRA ndipo pa penshoni iye amadulidwa 5% abwana n'kuwonjezera 10%.

Tsopano ichi ndikupempha inuyo makolo. Mwana akalandira malipiro oyamba musamulande onse. Ndikudziwa munavutika, ena munagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti fizi ikwane, ndipo kuthandiza pakhomo ndi udindo wake ndithu, koma khalani naye pansi mugwirizane kuti zapakhomo ndi zingati, zathiransipoti zingati, zosunga zingati. Mukatenga zonse mwezi wachiwiri adzayamba kukubisirani kapena kukongola.

Makalata a umboni alipo ku ofesi, mwana abwere yekha kudzatenga m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu, atabweza kaye mabuku a sukulu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu