Kwa amene munapanga theme ya mitundu yofatsa ija: ma comment sakuwerengekanso

Akuluakulu, ndabwera pa tsamba lanu pano chifukwa imelo imene ndinakutumizirani simunayankhe mpaka lero. Ndimakhala pa boma la Dedza, ndipo ndimalemba code ya Python yosunga mawerengero a kagulu ka alimi a mbatatesi cha ku Bembeke. Theme yanu ya VS Code, yosintha mitundu ya pulogalamu yolemberamo code imeneyi, ndinaigula ndi madola, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mmene zimavutira kuti khadi ya kubanki ilole kulipira kunja. Ndinalimbikira chifukwa inkandipumitsa maso. Mitundu yake sinkathobwa, ndinkatha kugwira ntchito mpaka usiku mutu osawawa.

Update yanu yomaliza yaononga zimenezo. Ma comment, mawu ofotokozera amene timalemba pakati pa code, mwawapaka utoto wotuwa, pamene kumbuyo kwake nakonso n'kotuwa. Nditawayeza pa chida choyezera contrast, kusiyana kwa kuwala kwa zilembo ndi kumbuyo kwake, sanafike ngakhale 3:1. Malangizo a WCAG 2.0, amene bungwe la W3C linatulutsa mu 2008, amati zilembo wamba zizifika 4.5:1, ndipo 3:1 ndi ya zilembo zikuluzikulu zokha. Mwina munena kuti malangizowo ndi a masamba a pa intaneti. Koma diso lowerenga tsamba ndi lomwelo lowerenga code.

Ndikukhulupirira kuti pa sikirini yanu zonse zikuoneka bwinobwino. Kuno ambiri tili ndi malaputopu akale ogula kwa ena, a sikirini zija za TN zoti ukangopendeketsa mutu pang'ono mitundu imasuluka. Magetsi akazima timatsitsa kuwala kuti batire itifikitse madzulo. Nyengo yozizira, ndipo kuzizira kwa Dedza sikufuna kufotokozera, m'nyumba zala zimauma, ndiye timatulutsa mpando pakhonde kuti tizilemba tikuothera dzuwa. Pamenepo ma comment anu amasoweratu ngati msewu wa M1 m'mawa wa nkhungu. Umangoona mpata pakati pa mizere, osadziwa kuti pali mawu.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Pali mnyamata amene ndikumuphunzitsa, wakhama kwambiri. Pamwamba pa mzere wochotsera ndalama ya thiransipoti pa thumba lililonse ndinalembapo chenjezo mu comment loti asasinthe. Iye sanalione. Anasintha mzerewo, mawerengero anasokonekera, ndipo msungichuma wa gulu, mayi wachikulire amene amadalira pepala lathu pogawa ndalama, anandiimbira foni mawu akunjenjemera poganiza kuti ndalama za anthu zasowa m'manja mwake. Mnyamatayo sindingamudzudzule. Atandionetsa sikirini yake, nanenso ndinachita kuyandikiza nkhope kuti ndipeze pamene panali chenjezolo.

Pa diff napo, pamene pamaonetsa mizere yochotsedwa ndi yoonjezedwa mu code, mwafewetsa kufiira ndi kubiriwira mpaka zikungofanana. Pali anthu, makamaka amuna, amene mwachibadwa amavutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Kodi iwowa munawaganizira?

Ena andiuza kuti ndingosintha ndekha mu settings.json, fayilo yosinthira zinthu mu VS Code, pogwiritsa ntchito editor.tokenColorCustomizations. Ndikudziwa, ndipo pa laputopu yanga ndasintha kale. Koma ndinalipira kuti ntchito imeneyo muigwire ndinu, ndipo wongoyamba kumene sangadziwe kuti vuto ndi theme, amangoyesa kuti maso ake ndiwo ayamba kufooka. Kubwerera ku version yakale kumatheka, koma ndiye kuti zonse zimene mudzakonze m'tsogolo zidzatidutsa.

Sindikufuna kuti mundibwezere ndalama, theme yanu ndimaikonda. Chonde bwezeretsani mtundu wakale wa ma comment, kapena muuike ngati njira yachiwiri yoti munthu azisankha yekha. Musanatulutse update ina, yesani kaye pa laputopu yotchipa mutatsitsa kuwala, ndipo mukasintha mtundu uliwonse muzilemba mu changelog, mndandanda wa zimene mwasintha. Zithunzi za sikirini yanga ndi ya mnyamatayo zili mu imelo ija. Itseguleni, ndipo mundiyankhe pompano kuti enanso amene akuvutika aone.