Kwa mwana wanga, za chibaba cha fodya

Rosettenville, Johannesburg

Mwana wanga,

Lamlungu lija nditabwera kudzakuonani ndinaona zinthu ziwiri, koma ndinasunga pakamwa. Pamene unkapinda malaya kuti usambe m'manja ndinaona kapulasitala pamkono pako, m'mbali mwake muli mikwingwirima ya zikhadabo. Kenako mdzukulu wanga atataya tiyi unamukalipira ndi mawu amene si ako, n'kutuluka kukaima pageti, dzanja likufufuza m'thumba la jekete. Chimene linkafuna m'menemo ndikuchidziwa. Sindikanakulankhula pamaso pa apongozi anga, ndipo pafoni umandidula msanga ndi "ndamva, bambo". N'chifukwa chake ndalemba. Uwerenge uli m'takisi, poti pakati pa Cosmo City ndi Sandton nthawi imachita kutsala.

Wachita bwino kuyamba kusiya fodya. Ine amene ndinkakutuma machesi uli ndi zaka zisanu ndilibe pakamwa pokudzudzulira. Ndingokuuza zimene ndinaona panjira yomwe wayambayi.

Kanthu kameneka inu mumati patch, ine ndizingoti pulasitala. Tsiku loyamba kukamata pamkono panga ndinakumbuka ku Kasungu. Iwe sunaone, koma ine ndinakulira pa esiteti ya fodya, agogo ako ali tenanti. Tinkalowa m'munda m'mamawa kuli mame, kuthyola masamba a bale n'kumawapanira kukhwapa mpaka malaya kunyoweratu. Dzuwa likamafika pamutu wina ankayamba chizungulire, wina nseru, wina n'kukasanza kuseri kwa chigafa. Akuluakulu ankati ndi njala, kapena ndi dzuwa. Ndinadzamva ndili kale ndi imvi kuti chinali chikonga: chimasungunuka m'mame n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Ndiye kuti ine chikonga ndinachilawa ndisanagwirepo ndudu. Pulasitala yakoyo imayenda njira yomweyo, kungoti muyezo wake ndi wowerengedwa, ndipo ilibe utsi ndi phula, zomwe ndi zimene zimawononga mapapo kwambiri.

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Ukakoka ndudu, chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi 10 kapena 20. Cha mu pulasitala chimalowa pang'onopang'ono, chimatenga maola kuti chikwane m'magazi, kenako chimangokhala chete ngati makala okwiriridwa ndi phulusa. Njala ya thupi, ija yokunjenjemeretsa ndi kukupweteketsa mutu, imaichepetsa. Koma kukoma kwa mpweya woyamba wa ndudu ya m'mawa sikupatsa, ndipo siinapangidwire zimenezo. Choncho chibaba chikakugwira uli nayo pamkono usaganize kuti anakugulitsa yabodza, kapena kuti iwe ndiwe wofooka kuposa anzako.

Werenga wekha. Unandiuza kuti unkasuta ndudu 15 pa tsiku. Ngati iliyonse umaikoka maulendo 10, ndiye kuti dzanja lako linkapita kukamwa maulendo 150 tsiku lililonse, kwa zaka zonsezi. Dzanja limenelo silinamve kuti wasiya. Pulasitala siidziwa kuti ukadya nsima umatuluka panja, siidziwa kuti pamzere wa takisi pali mayi wogulitsa ndudu imodziimodzi pambali pa maswiti ndi mtedza. Zimenezo ndi zako.

Chimene chinandithandiza ine choyamba chinali wotchi. Nditangoyamba, chibaba chikabwera ndinkaona ngati chabwera kudzagona, kuti chizingokulirakulira mpaka ndisute kapena ndipenge. Mtsikana wa ku famase anandiuza kuti ndichiwerengere nthawi. Tsiku lachitatu, ndikudulira mpanda kuntchito, chinandigwira: m'kamwa malovu, pachifuwa ngati pali dzenje, zala zikuyabwa. Ndinaika sizasi pansi, n'kuyang'ana wotchi. Inali 10:20. Ndinapita pampopi, ndinamwa madzi m'manja pang'onopang'ono, ndinasamba kumaso, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa bwalo ndi kubwerera. Poyang'ananso inali 10:26, ndipo ndinapeza kuti ndikuganiza za ndalama ya lendi. Chinali chitapita osatsanzika. Chinabweranso masana, inde, ndi madzulonso kangapo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kutalika kwake. Chibaba chimodzi nthawi zambiri sichidutsa mphindi zochepa, kaya usute kaya usasute. Sabata yoyamba ndi imene imalemera, makamaka tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Pakatha masabata atatu kapena anayi chimayamba kubwera mwa apo ndi apo, ngakhale mphamvu zake zikhoza kukudzidzimutsa.

Ndiye tenga pepala ulembe nthawi zimene chimakupeza. Usadalire mutu. Udzadabwa kuti ndi mlendo wosunga nthawi: podzuka, potsika takisi, pambuyo pa chakudya, bwana akakukalipira, poweruka. Ukadziwa ola lake umamudikira uli ndi chochita m'manja.

Kwa iwe ndikuona kuti vuto lalikulu lili kuseri kwa khitchini. Unandiuza wekha kuti kuntchito kwanuko munthu wosasuta sapuma, amene amaloledwa kutuluka pakhomo lakumbuyo mphindi zisanu ndi okhawo akuti akukasuta. Ndiye chimene ukuchilakalaka mwina theka lake ndi fodya, theka linalo ndi kuchoka pamoto, kuwongola msana ndi kumva Chichewa cha anzako aja a ku Mangochi. Kupumako usakusiye. Tuluka ndithu, koma ukaime mbali ina, kumene utsi sukufika, ndi botolo la madzi ozizira kapena lalanje loti usende ndi zala. Lalanje ndi labwino chifukwa limatenga nthawi, limatangwanitsa manja onse awiri, ndipo fungo lake limatsalira. Anzakowo uwauze poyera kamodzi kokha kuti wasiya ndipo asakupatse ngakhale utapempha. Adzakuseka masiku awiri. Amene adzapitirize kukutambasulira paketi pambuyo pake, umudziwe.

Pali chinthu chimene ine ndinachidziwa mochedwa. Pulasitala ikhoza kuyenda limodzi ndi chingamu cha chikonga, kapena timaswiti take toyamwa, ndipo madokotala amati ziwirizi zikaphatikizidwa zimathandiza kuposa pulasitala yokha. Pulasitala imagwira pansi tsiku lonse, chingamu ndi cha pamene chibaba chalumpha mpanda. Ukafunse ku famase kumene unagulako akuuze mlingo wokuyenera. Koma sachitafuna ngati chingamu cha ana. Umatafuna pang'ono mpaka umve kuwawa ngati tsabola, n'kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama, kuwawako kukatha n'kutafunanso. Ukachitafuna mothamanga udzamva kutentha pamtima, ndipo chikonga chidzangopita m'mimba osakuthandiza. Ukamwa khofi kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi, dikira mphindi 15 usanachitafune.

Za khofiyo nditsindike, poti ndikudziwa kuti pa shifiti ya usiku umamwa makapu angapo. Utsi wa fodya umapangitsa chiwindi kuchotsa khofi m'thupi mofulumira. Ukasiya kusuta, kapu yomweyo imakhala nthawi yaitali m'magazi. Munthu umayamba kugunda mtima, kusowa tulo, kupsa mtima, n'kumati ndi chibaba, pamene ndi khofi. Chepetsa ndi theka. Tiyi wa rooibos ali ponseponse kuno ndipo alibe zimenezo. Za mowa sindinena zambiri, ndiwe wamkulu. Kungoti botolo lachiwiri ndi limene limauza munthu kuti ndudu imodzi siipha, ndiye miyezi iwiri yoyambayi ukanakhala kaye kutali ndi kumene amamwera.

Tsopano za kukanda kuja. Usamate malo amodzi masiku otsatizana. Lero mkono wamanja, mawa wamanzere, mkuja pachifuwa kapena pamwamba pa msana, ndipo malo amene wachotsapo apume sabata. Khungu likhale louma, lopanda ubweya, lopanda chilonda. Ndi kuzizira kwa Juni kuno tonse timadzola Vaseline mpaka kunyezimira, koma pamalo pamenepo usadzolepo, apo ayi idzamatuka usanafike pa Malibongwe Drive. Ukamata, kanikiza ndi chikhatho kwa kanthawi, makamaka m'mbali, poti iwe umagwira ntchito ya thukuta. Kuyabwa pang'ono kumachitika. Koma pakatupa kapena kutuluka matuza, chotsa ukawaonetse. Chimodzimodzi ukamva nseru, chizungulire ndi mtima kuthamanga, zija za m'munda wa ku Kasungu: ndiye kuti chikonga chachuluka, ndipo angakutsitsire mlingo. Usaidule ndi sizasi kuti ikhalitse. Ndikudziwa mtengo wake umaluma, koma ndudu 450 pa mwezi sizinali zaulere.

Uyang'ane pabokosi ngati yako ili ya maola 24 kapena 16. Za maola 24 zimakonda kuyenda 21 mg, 14 mg, 7 mg, ndipo za maola 16, zochotsa pogona, zimayenda 25, 15, 10. Ine ndinali ndi yogona nayo, ndipo maloto ake sindidzawaiwala. Usiku wina ndinalota malemu agogo ako akugulitsa mabelo ku okushoni ya ku Kanengo, koma ogula onse anali makondakitala a pa Bree. Mayi ako anafuna kuitana abusa. Palibe chamizimu pamenepo, ndi chikonga cha usiku. Maloto akakusowetsa tulo ukhoza kumaichotsa pogona, kungoti m'mawa chibaba chimadzuka chisanakudzutse, ndiye chingamu chikhale pafupi.

Ndikuuze za kugwa kwanga, poti mwina umaganiza kuti ndinangodzuka tsiku lina n'kusiya. Mu 2020 boma la kuno litaletsa kugulitsa fodya, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Ogasiti, ndinati mwayi ndi umenewu. Sindinathe sabata. Ndinkagula ndudu zamseri pamtengo wochititsa manyazi, zina zonunkha ngati udzu wowola, n'kumasutira kuseri kwa chimbudzi ngati mwana wa sukulu. Kuletsedwa ndi munthu wina sikunandisiyitse. Ulendo wachiwiri ndinali ndi pulasitala, ndipo zinkayenda bwino kwambiri moti patatha masabata atatu ndinati ndachira, ndalama imeneyi ndigulire ufa. Ndinasiya pakati. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo; ine ndinawerengera chipambano chili pachala. Loweruka lotsatira tinali pamsonkhano wosonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, panja kukuzizira, aliyense ali chete, wina anandipatsa ndudu ndipo dzanja linalandira lokha. Pofika Lolemba ndinali nditagula paketi.

Kumva bwino kwa sabata yachitatu ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Masitepe aja otsitsa mlingo anawaika kuti thupi litsike pang'onopang'ono kwa masabata 8 mpaka 12. Utsirize onse, ngakhale kotsiriza kaja kakuoneka ngati kosathandiza.

Ndipo ukadzapezeka kuti wasuta imodzi, poti zikhoza kuchitika, usachite zimene ndinachita ine. Ndinaganiza kuti zonse zawonongeka, ndiye bola ndingomaliza paketi. Munthu akapunthwa pa Park Station, pamene mabasi amafikira kuno, sabwerera ku Mwanza kukayambiranso ulendo. Pulasitala ikhale pomwepo pamkono, zotsalazo uzinyowetse pampopi n'kuzitaya, kenako ulembe papepala paja kuti unali kuti, unali ndi ndani, chinachitika n'chiyani. Ulendo wachitatu ndinasutapo kawiri m'mwezi woyamba, ndipo mpaka lero sindinagwirenso.

Za mkwiyo uja. Ndi gawo la kusiya, ndipo umatha. Koma mwana sadziwa za chikonga, amangodziwa kuti bambo ake asintha nkhope. Apongozi anga uwauze mosabisa kuti masabata angapo akubwerawa ukhala wa mtima wapachala, ndipo ukati "ndituluke kaye" akusiye utuluke osakufunsa. Mdzukulu wangayo ukamupepese, sikuchepa. Udzaonanso kuti njala yakula, chifuwa chikhoza kuwonjezeka kwa kanthawi pamene mapapo akudziyeretsa, m'mimba n'kumangika. Madzi, zipatso ndi kuyenda pansi zimathandiza. Chimene sindikufuna kuti uchibise ndi chisoni. Ukaona kuti masiku akupita mtima uli pansi, tulo kulibe, chilichonse chosakoma, upite ku kiliniki ukanene, ndipo undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Kulinso a National Council Against Smoking amene ali ndi foni yolangizira anthu ofuna kusiya, ngati pali zimene sungauze bambo ako.

Ndatsala pang'ono kuiwala chachikulu. Pulasitala yogwiritsidwa kale imakhala idakali ndi chikonga chokwanira kudwalitsa mwana wamng'ono. Lamlungu ndinaona ina ili pawindo la kubafa, pamene kadzanja kaja kamafika. Uziipinda pakati, mbali zomata zikumane, n'kuitaya m'bini ya panja. Bokosi ndi chingamu zikhale pamwamba pa kabati, chifukwa kwa iye chingamu ndi chingamu.

Mayi ako akupereka moni. Akuti Lamlungu likubwerali mubwere kuno, wapeza usipa ndi ufa woyera kwa mayi uja amabwera ndi basi ya ku Blantyre. Tikadya, nthawi ija imakuvuta, tidzayenda awiri mpaka ku dziwe la Wemmer Pan n'kubwerera. Ubwere ndi pepala lija ndidzalione. Laitala imene ili m'thumba la jekete ubwere nayonso, ndiyosowa pambaula yathu.

Ndine bambo ako.