Sikelo ikasiya kulankhula ndi kompyuta, musathamangire kugula ina

Akonzi,

Ndiloleni danga ndilankhuleko ndi amisiri anzanga okonza makompyuta komanso eni mabizinesi omwe akutaya makina abwinobwino chifukwa cha serial port, pulagi yolumikizira makinawo ku kompyuta. Masikelo ambiri oyezera mbewu, makina osindikiza malisiti, makina ena a m'malabotale a zipatala ndi ma inverter a sola amatumizabe manambala ku kompyuta kudzera pa RS-232, njira yomwe inakhazikitsidwa ku America mu 1960. Chomwe chimandiwawa mtima n'chakuti kompyuta ikangosinthidwa, manambala n'kusiya kufika, anthu amagamula kuti makina afa. Chonsecho kawirikawiri vuto limakhala loti mbali ziwirizi sizinatcheredwe mofanana.

Tiyambe ndi liwiro, lomwe pa kompyuta limalembedwa kuti baud rate. Pa chingwechi palibe waya wouza wolandira nthawi yowerengera uthenga, mbali iliyonse imadzisungira nthawi yokha. Sikelo ikamatumiza pa 9600 kompyuta ikumvetsera pa 115200, pa sikirini pamangotuluka zilembo zopanda mutu. Musakhumudwe nazo zilembozo, chifukwa zikuchitira umboni kuti chingwe chili bwino ndipo sikelo ikutumiza. Yambani ndi 9600, zikakanika yesani 2400, 4800, 19200, 38400 ndi 115200. Makina ena ali ndi liwiro lodziwika kale: GPS yotsatira NMEA 0183 imayendera 4800, pomwe console ya ma switch ambiri a Cisco imayendera 9600.

Kenako pali data bits (ma bit, kapena kuti ma 0 ndi ma 1, opanga chilembo chimodzi), parity (bit yoonera ngati chilembo chafika bwino) ndi stop bits (zosonyeza kutha kwa chilembo), zomwe zimalembedwa mwachidule pamodzi. Zofala kwambiri ndi 8N1, kutanthauza ma bit 8, popanda parity, stop bit imodzi. Koma masikelo ena amatumiza pa 7E1 (ma bit 7, parity ya Even, stop bit imodzi), ndipo apa ndi pomwe ambiri amasochera, poti liwiro limakhala lolondola koma uthenga umafika wosakanikira. Kompyuta yotcheredwa pa 8N1 imawerenga bit ya parity ngati gawo la chilembo. Zotsatira zake, 0 ndi 3 zimaoneka bwinobwino, koma 1 amatuluka ngati ± kapena kachizindikiro kena kachilendo. Mukaona manambala ena ali bwino ena opotoka, liwiro lisiyeni, sinthani parity ndi data bits.

Chachisanu ndi flow control, njira yomwe mbali imodzi imauzira inzake kuti itumize kapena idikire. Mukasankha Hardware, kompyuta imadikira chilolezo pa pini 8 ya pulagi isanatumize kanthu. Zingwe zambiri zili ndi mawaya atatu okha, ndiye chilolezocho sichibwera ndipo kompyuta imangokhala duu. Ikani None pokhapokha buku la makinawo litanena zina.

Pa sikirini pakakhala popanda kanthu konse, yang'anani chingwe. Pa pulagi ya mapini 9 ya kompyuta, pini 2 imalandira, pini 3 imatumiza, pini 5 ndi ground. Zingwe zilipo za mitundu iwiri zofanana ndendende kunja: china chimalumikiza 2 ndi 2, 3 ndi 3, pomwe cha null modem chimapingasa 2 ndi 3. Kuti mudziwe chomwe chikufunika, yatsani makina, tengani multimeter (chida choyezera magetsi), ikani waya wakuda pa pini 5. Pini yotumiza imaonetsa magetsi a negative, kawirikawiri pakati pa -5 ndi -12 V, ngakhale makina asakutumiza kanthu. Ngati makinawo ali ndi negative pa pini 3 monga ilili kompyuta, onse awiri akulankhulira pa waya mmodzi popanda womvetsera, choncho pakufunika null modem. Mbali ya kompyuta mutha kuiyesa payokha: lumikizani pini 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani PuTTY kapena Tera Term (mapulogalamu otumizira ndi kuonera mawu a pa port), lembani mawu aliwonse. Akaonekera pa sikirini, ndiye kuti port ilibe vuto.

Makompyuta amasiku ano ambiri alibe pulagi imeneyi, ndiye timadalira adapter ya USB. Imafuna driver yogwirizana ndi chip chomwe chili mkati mwake, kaya FTDI, Prolific, CH340 kapena CP2102. Pa Windows, tsegulani Device Manager, pitani pa Ports, muone nambala ya COM yomwe yapatsidwa. Mapulogalamu akale ambiri amangodziwa COM1 mpaka COM4, pomwe adapter itha kupatsidwa COM7. Sinthani nambalayo polowa pa Properties, Port Settings, kenako Advanced. Ma adapter ena amasintha nambala mukawachotsa n'kuwalowetsa pa bowo lina la USB, choncho ikani chizindikiro pa bowo lomwe mukugwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti liwiro lomwe mwaika mu Device Manager nthawi zambiri limafufutidwa ndi pulogalamu ikatsegula port, kotero tcherani mu pulogalamu momwemo. Ndipo port imodzi simatsegulidwa ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi. Mukaiwala kutseka PuTTY, pulogalamu ya sikelo ikana. Pa Linux adapter imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo pa Ubuntu wogwiritsa ntchito ayenera kukhala m'gulu la dialout.

Chenjezo lalikulu ndi la timabolodi totchipa ta USB tokhala ndi mapini olembedwa TX (yotumiza) ndi RX (yolandira). Timeneti timayendera 3.3 kapena 5 V, si RS-232, ndipo mukatilumikiza mwachindunji ku makina otulutsa 12 V titha kupsa. Pakati pake pamafunika chip yosintha magetsi ngati MAX232. Chingwe cha RS-232 nachonso chisatalike kuposa mamita pafupifupi 15. Ngati sikelo yoyezera magalimoto ili patali ndi ofesi, gwiritsani ntchito RS-485, njira ina yotumizira uthenga yomwe imafika mamita 1,200.

Pempho langa kwa ogulitsa makinawa n'lakuti azimata kapepala pa makina aliwonse kolembedwa liwiro, parity, flow control ndi mtundu wa chingwe, mwachitsanzo 9600 8N1, None, null modem, chifukwa mabuku amasowa msanga. Kwa a TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja, ndikupempha kuti ophunzira zamakompyuta asamatuluke asanayesepo port ndi kawaya pa pini 2 ndi 3 komanso kupeza pini yotumiza ndi multimeter.

Ine wanu,
Mmisiri wa makompyuta, Limbe