Amuna anga akugwira ganyu ku Hong Kong ali pampando

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe ndipo ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za kaunjika. Patsamba lanu ndimawerenga za amayi odandaula mowa, zibwenzi ndi nkhanza. Langa vuto si limenelo, n'chifukwa chake ndakhala ndikuzengereza kulemba poopa kusekedwa. Amuna anga samwa, sagona kunja, sanandikwezerepo dzanja. Chomwe chatisokoneza m'nyumba ndi gemu ya pa TV yotchedwa Shenmue II.

Ali mnyamata ankakhala ndi amalume awo amene anaphunzira ku UK. Amalumewo pobwerako anabwera ndi makina osewerera magemu otchedwa Dreamcast, a kampani ya Sega, pamodzi ndi gemu yoyamba ya Shenmue. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Japan, Ryo Hazuki, amene bambo ake anaphedwa iye akuona m'tauni ya Yokosuka m'chaka cha 1986. Wowaphayo ndi katswiri wa kung fu dzina lake Lan Di. Gemuyo imathera poti mnyamatayo wakwera sitima ya pamadzi kulowera ku Hong Kong kukamusaka. Amuna anga anaimaliza, makina aja anadzafa, koma kakhadi kosungira pomwe munthu wafika, komwe amakatchula kuti VMU, anakasunga m'chikwama cha masatifiketi zaka zoposa 20. Ine ndinkayesa kawotchi kowonongeka.

Chaka chatha tinagwirizana zosunga ndalama ya feteleza wa munda wathu wa ku Mitundu. Ina inali yanga ya ku banki mkhonde, ina ya ntchito yawo yokonza mafoni. Itakwana nthawi yogula, ndinapeza ndalama yaperewera kwambiri. Nditafunsa, anangoti "ndikuuza katundu akafika."

Katunduyo anali Dreamcast yakale ndi madisiki anayi a Shenmue II. Msuweni wawo wa ku UK ndiye anagula pa eBay, msika wa pa intaneti, ndi mapaundi, iwo n'kupereka makwacha kwa amayi ake a msuweniyo kuno, poti ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira. Ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi mapaundi chimaluma. Kenaka munthu wina wobwera pa ndege anawanyamulira, iwo n'kukalandira ku Lumbadzi, atalipiranso mayendedwe ndi kangachepe ka wonyamulayo.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Mlongo wanga wamng'ono anandiuza kuti Sega inatulutsanso magemu awiri onsewa pamodzi m'chaka cha 2018, oti munthu n'kusewera pa kompyuta, PlayStation 4 kapena Xbox One, motchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene iwo anachitazi. Laputopu ali nayo ya kuntchito. Nditawafunsa anandilalikira ngati abusa. Akuti amafuna yeniyeni ya 2001, ndipo inayenera kukhala ya ku Ulaya chifukwa madisiki a dera lina sawerengeka pa makina a dera lina. Akuti ku America gemuyi sinatulukeko n'komwe pa Dreamcast, inakatulukira pa Xbox m'chaka cha 2002, moti Aamerika enieniwo ankachita kuitanitsa ya ku Ulaya ngati mmene achitira iwomu. Akuti makina a ku UK ndi abwino kuno poti pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu ndipo magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pomwe a ku Japan akanafuna thiransifoma. Koma chachikulu, akuti pa Dreamcast pokha ndi pomwe kakhadi kawo kaja kakanagwira ntchito, kuti ndalama ndi luso la ndewu zimene anasonkhanitsa ali mnyamata zisamukire m'gemu yachiwiri.

Zinasamukadi. Ndinalipo usiku umenewo, nditakhala pamkeka ndikusankha nyemba. Atayatsa, kakhadi kaja kanalira kuti piii chifukwa mabatire ake anatha kalekale, makina n'kuyamba kukukuta disiki mwaphokoso. Ryo anatsika sitima ku doko la Aberdeen ku Hong Kong ali ndi ndalama zake zonse zija. Amuna anga misozi inalengeza m'maso, sindikunama. Posakhalitsa tianyamata ta m'gemumo tinamutsomphola chikwama. Anachipeza pambuyo pake, koma ndalama mulibe. Ndi mmene gemuyo anaipangira, aliyense amaberedwa. Ndinaseka mpaka kutsamwa, iwo osaseka.

Ndiye poti mnyamatayo watsala chimanjamanja, ayenera kugwira ganyu kuti alipire pogona. Azakhali, ndaona ndi maso anga bambo wa ndevu zake akunyamula mabokosi padoko la pa TV, kumanzere, kumanja, thukuta lili kamukamu, kuti apeze madola a ku Hong Kong. Mpopi wa panja ukudontha kuyambira nthawi ya dzinja. Kwina mnyamatayo amathandiza ntchito pa kachisi wa Man Mo, ndipo m'mawa uliwonse amatulutsa mabuku m'laibulale kuti apitidwe mphepo. Amuna anga amanyamula mabukuwo mosamala kuopa kugwetsa, koma makope a mwana wathu sanawatsegulepo teremu ino.

Sindikuti gemuyo ndi yoipa yonse. Ndewu zilimo, koma nthawi yambiri munthu amangoyenda m'misewu kufunsa njira, kulowa m'masitolo, dzuwa n'kulowa, magetsi a m'misewu n'kuyaka. Anthu ake amayankhula Chijapanizi, mawu a Chingerezi n'kumalembedwa pansi. Muli mayi wina katswiri wa ndewu, Xiuying, amene amamuletsa mnyamatayo kubwezera, ndipo pena amamuphunzitsa kuwakha tsamba lothothoka mumtengo kuti mtima ukhale m'malo. Pamenepo ndinasiya nyemba n'kuonera nawo. Anandionetsanso nyumba zothithikana za ku Kowloon Walled City, ku Hong Kong komweko, n'kundiuza kuti malowo analikodi ndipo anawagwetsa cha m'ma 1993 ndi 1994. Akamafotokoza zoterezi nkhope yawo imawala kuposa mmene ndinaionera chikwatirane.

Koma magetsi akabwera usiku, ndiye kuti ine ndagona ndekha. Akazima pakati pa gemu asanasunge pomwe afika, m'nyumba mumakhala ngati mwagwa maliro, ndipo akayakanso makinawo amafunsa deti ndi nthawi kaye chifukwa batire la m'kati linafa. Tsopano ayamba kukamba za inivetala ndi batire lalikulu.

Chinanso ndi mwana wathu wamwamuna amene ali Sitandade 8. Amanamizira kukamwa madzi kuti aime kuseri kwa mpando. M'gemumo muli kamasewera kotchedwa Lucky Hit, koponya kampira pa bolodi la misomali n'kubetcherana ndalama. Ndalama zake n'zabodza, inde, koma ndi mmene achinyamata alowerera kubetcha mpira pa foni masiku ano, sindikufuna mwana wanga azolowere kukoma kwa juga bambo ake akuombera m'manja.

Ndinawadandaulira amayi anga. Yankho lawo linali loti ndithokoze Mulungu mwamuna akugona pakhomo, anzanga akusaka awo ku Bwandilo. Anzanga a ku banki mkhonde anangofa nacho chikhakhali. Palibe amene akumva kuti nkhani yanga si TV. Ndalama tinasunga awiri, inachoka ndi munthu mmodzi osandifunsa, ndipo mpaka lero mawu oti pepani sanatuluke. Akuti imeneyi inali ngongole ya ubwana wawo ndipo adzabweza. Chimanga chathu chaka chino chinalandira feteleza wokulitsa yekha, wobereketsa ayi, ndipo zokolola zake mukhoza kuganiza nokha.

Mlongo wanga uja wandiuzanso china chimene chandisowetsa tulo. Akuti gemu yachiwiriyi sithetsa nkhani. Imakathera kuphanga lina ku Guilin, m'dziko la China, Lan Di asanagwidwe. Yachitatu inatuluka m'chaka cha 2019, anthu okonda gemuyi atasonkha ndalama zoposa madola 6 miliyoni pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter, ndipo imafuna PlayStation 4 kapena kompyuta yamphamvu. Amuna anga ali kale pa disiki yachitatu mwa madisiki anayi aja.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi nkhani ngati iyi ndi yoitanira ankhoswe, kapena ndikangodzichotsa ulemu pamaso pa akuchimuna? Nkhoswe ya kwawo ndi amalume omwe aja anabweretsa makina oyamba, ndiye sindikudziwa ngati angaone cholakwa. Kodi ndiyambe kusunga ndalama yanga pandekha osawauza, pomwe ine ndemwe ndikudandaula za kubisirana? Nanga mwanayu ndimuletse bwanji chinthu chimene bambo ake akuchita poyera pabalaza? Sindikufuna kugulitsa makinawo iwo kulibe monga andilangizira ena, chifukwa ndaona mmene amawakondera. Ndikufuna njira yowauzira kuti amve, tisanayambenso kusunga ya feteleza wa chaka chino.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe