Tochi ndiyo nyali ya ambiri, koma ndani akuyang'anira ubwino wake?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa kanthu kamene ambiri timakaona ngati kosayenera kukambidwa pagulu, chonsecho ndi komwe kamaunikira nyumba zochuluka m'dziko muno dzuwa likangolowa. Ndikunena za tochi ya mabatire pamodzi ndi abale ake, nyali zoimika patebulo ndi timatochi tovala pamutu. Nkhani za kuwala zikamalembedwa zimakhala za ESCOM ndi EGENCO, za kuchepa kwa madzi mu Shire ndi za makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo n'zoyenera kutero. Koma ife amene mawaya a magetsi timangowaona akudutsa m'mbali mwa msewu wa M1, kuwala kwathu timakugula pa okala ndi m'misika ya tsiku limodzi pa sabata, ndipo kumeneko wogula alibe womuteteza.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti mabanja opitirira theka m'Malawi amadalira mabatire pounikira, pamene okhala ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Zaka khumi m'mbuyo mwake, pa kalembera wa 2008, mabanja oposa 80 pa 100 alionse ankaunikira ndi parafini. Kusintha kwakukulu chotere kunachitika popanda ndondomeko ya boma kapena msonkhano wa mafumu. Anthu anangoona kuti parafini wakwera mtengo, mwinanso wasowa kumene monga zinalili m'zaka za 2011 ndi 2012 pamene mafuta anavuta m'dziko muno, ndipo pa nthawi yomweyo m'misika munali mutadzaza matochi a timababu ta LED tomwe timawala kwambiri koma tikudya mphamvu yochepa. Akatswiri atatu ochokera ku Japan amene anapeza njira yopangira LED yowala mobiriwira ngati thambo, yomwe ndi maziko a kuwala koyera kumene tili nako lero, a Isamu Akasaki, a Hiroshi Amano ndi a Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Ndikukayika ngati ankadziwa kuti ntchito yawo ndi imene idzathamangitse koloboyi m'midzi ya kwathu kuno.

Koloboyi sindikumulira ayi. Ndinakula naye, ndipo ndikukumbukira bwino momwe tinkadzukira m'mphuno muli bii ndi mwaye, maso ali psuu, titawerenga usiku pafupi ndi kachitini kofuka utsi. Ndikukumbukiranso nyumba zofolera ndi udzu zimene zinapsa chifukwa mwana wagunda nyali ali m'tulo. Tochi ya mabatire inatichotsera zonsezi, ndipo masiku ano mayi wogulitsa tomato madzulo, mlonda, mnyamata wa kabaza, mlimi wothirira dimba mbandakucha ndi azibambo ogona pa maliro, onse ali ndi kuwala m'thumba kapena pachipumi. Ngakhale a m'tauni anaphunzira kuilemekeza tochi pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Dandaulo langa ndi lakuti chinthu chofunika chotere chasiyidwa m'manja mwa aliyense amene angathe kulowetsa katoni ya katundu m'dziko, kaya katunduyo ndi wabwino kaya ndi zinyalala.

Chaka chatha mdzukulu wanga anali mu Sitandade 8, ndipo ndinaganiza zomugulira nyali ya patebulo kuti azitha kuwerenga akamaliza ntchito za pakhomo. Pa katoni yake panalembedwa manambala akuluakulu onena za kuwala ndi maola amene ingayake, ndipo wogulitsa atailowetsa mabatire ake atatu inawaladi mochititsa kaso masana omwe. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Sabata yachiwiri timababu tinayamba kuzima kamodzikamodzi, ndipo pofika sabata yachitatu tinatsala tiwiri tokha, tomwenso tinkaphethira mwana akangogunda tebulo ndi chigongono. Nditabwerera nayo pa tsiku la msika, wogulitsa uja anandiyankha mwaulemu ndithu kuti katundu akatuluka sabwereranso, ndipo kuti nayenso anangooda mumzinda popanda womulonjeza kanthu. Lisiti ndinalibe, chifukwa palibe amene amapereka lisiti pa thandala. M'miyezi khumi ndi iwiri imeneyo ndinagula nyali ndi matochi asanu, ndipo ndi imodzi yokha imene ikuyakabe.

Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wathu ndi amene ananditsegula m'maso. Anaitsegula nyali ija ine ndikuona, n'kundisonyeza timawaya tating'ono ngati ulusi tomatidwa mosasamala, ndi kachitsulo ka pa switchi kamene kanali katayamba kale dzimbiri. Kenako anandifotokozera kuti batire iliyonse imapereka mphamvu ya magetsi yokwana mavoti (volts) 1.5, kotero zitatu zimapereka 4.5, pamene kababu koyera ka LED kamafuna mavoti pafupifupi atatu okha. Mu nyali yopangidwa bwino mumakhala kachipangizo kochepetsa mphamvu yofika ku timababu, koma mu yangayi munalibe, ndiye timababu tinkawala mopitirira muyezo mabatire akakhala atsopano, n'kumatentha mpaka kupsa. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kuwala kumene kunandikopa pamsika kuja ndi komwe kunali kuipha nyaliyo, ndipo wopanga ankadziwa bwino lomwe kuti wogula amayesa katundu kwa mphindi imodzi yokha.

Wina anganene kuti ndi kandalama kochepa, munthu wamkulu asamalire ndi tochi. Amene anganene choncho sanaperekezepo mayi wodwala pakati pa usiku. Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, anzathu oyandikana nawo anatidzutsa kuti mpongozi wawo wayamba kumva zowawa za kubereka. Tinamukweza pa njinga ya kapalasa, mwamuna wake akukankha atavala tochi ya pamutu imene anali ataigula masiku ochepa m'mbuyomo. Titafika pa dambo, pomwe pamafunika kuona bwino poponda chifukwa cha matope ndi timilatho ta mitengo, tochi ija inazima, ndipo ngakhale anaigogoda pa chikhatho kangapo sinayakenso. Tinawoloka ndi kuwala kwa kafoni ka mmodzi wa amayi operekeza, iye akudandaula kuti moto utha tisanaimbire achibale. Tinafika bwino, mwana anabadwa, koma usiku umenewo ndinaleka kuiona tochi ngati choseweretsa.

Nkhani ya mabatire eniake ndiyo yowawa kwambiri, chifukwa tochi umagula kamodzi pamene mabatire umagula mlungu ndi mlungu. Ambiri amene timagula ndi a mtundu wotsika mtengo uja, okhala ndi chikopa cha zinki, ufa wakuda mkati ndi kamtengo ka khala pakati. Mabatire amenewa amatha mphamvu ngakhale ali chikhalire pa shelefu, makamaka pa malo otentha, choncho amene akhala miyezi yambiri m'sitima, m'nyumba yosungira katundu ndi pa dzuwa la pamsika amafika kwa wogula atafooka kale. Tsiku lothera ntchito nthawi zina silioneka, ndipo ena ukawanyamula m'manja amapepuka mokayikitsa poyerekeza ndi anzawo a dzina lomwelo. N'chifukwa chake m'midzi muno mudzaona mabatire atayanikidwa padenga kapena pa mwala kuti adzuke, ndipo ena amachita kuwaluma ndi mano kuti awale usiku wina umodzi. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu yense wochokera kunja unakwera, mabatire ndi omwe, moti banja limene limagula awiriawiri likamawerengetsa pa chaka limapeza kuti lawononga ndalama zimene zikanagula nyali yabwino ya sola. Koma ndalama ya nyali ya sola imafunika pa kamodzi, ndipo wosauka ndalama ya pa kamodzi ndi imene alibe.

Nyali zotchaja nazo zili ndi msampha wake. Zambiri zotsika mtengo zili ndi kabatire ka mtovu ndi asidi, mtundu womwe uja wa batire ya galimoto koma kakang'ono, ndipo batire yotere ikasiyidwa itatheratu moto kwa masiku ambiri simadzukanso bwino. Kumudzi kumene potchajira pali pa mtunda wa ola lathunthu ndipo pamafunika kulipira, nyali imakhaladi masiku ili yakufa, ndiye pakatha miyezi iwiri kapena itatu imangoyaka mphindi zochepa. Palibe wogulitsa amene anandiuzapo zimenezi, ndipo pa katoni sipalembedwa ngakhale liwu limodzi m'Chichewa.

Pempho langa loyamba likupita ku bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe lili ndi udindo woyang'ana ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Matochi, nyali ndi mabatire zimene zimadutsa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe ziziyesedwa ngati zikuchitadi zimene zalembedwa pa katoni, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'zinenero zathu, mitundu yokhoza ndi yolephera itchulidwe mayina, kuti nafenso tidziwe chopewa. Njira yoyesera ilipo kale. Ntchito ya Lighting Africa, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi nthambi yake yothandiza mabizinesi ya IFC anayambitsa mu 2007, inakhazikitsa miyezo ya nyali za sola imene lero ikuyendetsedwa pansi pa dzina la VeraSol, ndipo imayang'ana kuwala kwenikweni, maola oyaka, kulimba kwa nyali, kunena zoona pa katoni ndi lonjezo lokonza kapena kusintha katundu akawonongeka chaka chisanathe. Ngati zimenezi zikutheka pa nyali za sola, sindikuona chovuta kuti muyezo wofanana nawo, ngakhale wofewerako, ufike pa tochi wamba imene ili m'nyumba zambiri kuposa sola.

A bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission nawo atithandize pophunzitsa anthu kuti mawu akuti katundu akatuluka sabwereranso si lamulo la dziko. Lamulo loteteza ogula tili nalo kuyambira mu 2003, koma pa thandala la pamsika silidziwika. Sindikufuna kuti chilango chigwere venda wogulitsa timatochi khumi, amene nayenso anapusitsidwa ngati ine. Woyenera kufunsidwa ndi amene amalowetsa katunduyu ndi kuodetsa, chifukwa iye ndiye amasankha chogula ku fakitale ndipo amadziwa mtengo weniweni wa chimene wasankhacho.

Pali chinthu china chimene sindinamvepo wina akuchikamba pa msonkhano uliwonse wa chitukuko, ndicho kumene mabatire akufa amapita. Ngati theka la mabanja m'dziko likuunikira ndi mabatire, ndiye kuti tsiku lililonse akutayidwa ochuluka zedi, ndipo amathera m'dzenje la zinyalala, m'chimbudzi, m'munda wa kuseri kwa nyumba kapena pa moto. Ana amawaphwanya ndi miyala kuti atulutse kamtengo ka pakati kaja, manja n'kuda ndi ufa umene pambuyo pake amadyera nsima. Pano ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga, chifukwa pamene ndinkaphunzitsa ndinkatuma ana kuti abweretse mabatire akutha kuti ufa wake tidetsere bolodi, osadziwa kuti ndikuwagwiritsa mankhwala oipa. Oopsa kwambiri ndi mabatire a mtovu a m'nyali zotchaja zija, pakuti bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Timabatire tating'ono tozungulira ngati batani, topezeka m'timatochi ta pa makiyi, mwana akameza timawotcha kum'mero m'maola ochepa.

Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA pamodzi ndi makhonsolo angathe kuyamba ndi chinthu chophweka, monga kuika mgolo wotsekedwa pa msika uliwonse waukulu woti anthu aziponyamo mabatire akutha, ndi kulamula kuti amene amalowetsa mabatire m'dziko azithandiza kulipira ntchito yowatolera. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi kuphunzitsa za zimbudzi ndi madzi aukhondo, atapatsidwa uthenga umenewu angaufikitse khomo ndi khomo popanda ndalama zina zambiri.

Podikira zimenezo, anzanga owerenga tidzithandize pa zimene tingathe. Tisasakanize batire yatsopano ndi yakale mu tochi imodzi, chifukwa yakaleyo imakakamizika mpaka kutulutsa madzi amene amadya kasipuling'i ndi tizitsulo ta mkati. Tochi ikakhala kuti sigwira ntchito kwa masiku ambiri tizichotsamo mabatire, ndipo nyali yotchaja tisaidikire kuti ithe moto wonse. Ineyo ndinasiya kutaya mabatire m'dzenje, ndipo ndimawasunga m'chigubu chotseka pamwamba pa khoma, pamene adzukulu sangafikire. Chigubucho chatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndingakondwe wina wa ku khonsolo kapena ku MEPA atayankha kudzera m'nyuzipepala yomwe ino kuti ndikachitule kuti.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Ntcheu