Ana aone mawu awo ndi maso

A Mkonzi,

Masekondale a muno mu Harare aleke kuphunzitsa za mafunde a mawu ndi choko chokha. Mdzukulu wanga wa Fomu 3 analoweza pamtima kuti mawu amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi mumpweya, koma chimene chimanjenjemera pakhosi pake sankachidziwa. Tsiku lina tinajambula mawu athu pa laputopu ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, iye atagwira pakholingo. Mawu anga amanzenene, mafunde ake anatalikirana, a mdzukulu wangayo anathithikana. Anaseka mpaka misozi, kenaka n'kuthamangira mbira (kalimba woimbira) ya aneba kuti ayesenso.

Unduna upereke laputopu imodzi pa kalasi ya sayansi. Magetsi amavuta, inde, koma ikatchajidwa imafika kumapeto kwa phunziro.

Agogo odandaula,
Mbare