Mvula isanagwe, tikonze ndowa, zimbudzi ndi phala m'sukulu za ku Mulanje

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi ahedi, makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi mafumu a kuno ku Mulanje pa za umoyo wa ana m'sukulu za pulayimale. Nkhaniyi imakonda kukambidwa tsiku limodzi pa chaka. Ana amaimba nyimbo za ukhondo, alendo n'kuomba m'manja, m'mawa mwake ndowa yosambira m'manja ija yabwerera mu ofesi kuti ingabedwe. Chonsecho matenda amene amajombetsa ana athu ngodziwika kale, ndipo kupewa kwake kuli ndi miyezo yoti komiti iliyonse ikhoza kuiwerengetsa pa pepala limodzi.

Tiyambe ndi madzi. Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati sukulu yoyendera ikhale ndi malita 5 pa munthu aliyense pa tsiku, akumwa ndi osamba m'manja. Sukulu ya ana 1,200 ndiye kuti ifunika malita 6,000, kapena kuti ndowa 300 za malita 20. Ambiri kuno timadalira mipopi ya madzi otsika kuphiri, ndipo poti ngozizira ndi owala timangoti ngabwino. Madzi otere nthawi zambiri sathiridwa mankhwala kumene akuchokera, ndipo mvula yamphamvu ikagwa amabwera ndi zonse zimene yakokolola kumtunda. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anathyola mapaipi ndi kugumula zimbudzi pa nthawi imene dziko linali kale mkati mwa mliri wa kolera, umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Chitsime cha sukulu chimene chinamira nthawi imeneyo chikhoza kumiranso.

Madzi akumwa athiridwe WaterGuard: chivindikiro chimodzi cha botololo mu malita 20, kutakasa, kenaka kudikira mphindi 30. Akakhala amatope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, muthire zivindikiro ziwiri, chifukwa matope amadya mphamvu ya klorini isanaphe tizilombo. Cholakwika chimene chimabwereza m'sukulu zambiri n'chakuti madzi othira bwino mankhwala amaikidwa m'ndowa yotsegula, ndi kapu imodzi yoti aliyense azimiza. Mwana wachisanu asanamwe, zala zonse zalowamo. Ndowa ikhale ya chivindikiro ndi kampopi, ndipo mwana aliyense amwere m'kapu yake ya phala.

Klorini wa ufa, wa HTH uja amabwera ndi alangizi a zaumoyo, ali ndi miyezo yake ndipo kuisokoneza n'koopsa. Sipuni yodyera imodzi yosatumphuka, pafupifupi magalamu 15, mu malita 20 ndi ya madzi osamba m'manja, osati akumwa. Masipuni awiri mu malita 10 ndi okolopera pansi ndi m'zimbudzi. Masipuni awiri mu lita imodzi ndi othira pa masanzi kapena chimbudzi cha mwana amene watsegula m'mimba. Sungunulirani m'ndowa ya pulasitiki chifukwa klorini amadya chitsulo, lembani pa ndowa iliyonse ntchito yake, ndipo ya m'manja ija ikonzedwe yatsopano m'mawa uliwonse. Ufa wotsala usungidwe wotseka, pouma, kutali ndi dzuwa ndi ana.

Mpondagiya, posambira m'manja popondera ndi phazi paja, aliyense amamudziwa: chigubu cha malita 5 chobowola ndi msomali wotentha, chingwe, ndodo yopondera, ndi kadzenje ka miyala pansi kuti pasachite thope. Chimene chimamupha ndi sopo. Wa mtanda amatha sabata isanakwane, wina wapita m'thumba, wina yadya mbuzi. Njira yokhalitsa ndi kusungunula magalamu 30 a sopo wa ufa mu lita imodzi ndi theka m'botolo lobowola chivindikiro, n'kulimangirira pamtengo. Sopo akasoweratu, phulusa likhalepo. Mpondagiyayo akhale pakhomo penipeni pa chimbudzi, wina pamene ana amalandirira phala, ndipo kalasi yodzaza madzi izidziwika pa ndandanda monga mmene amagawira zosesa.

Pa zimbudzi, muyezo ndi dzenje limodzi pa atsikana 25, limodzi pa anyamata 50 kuphatikizapo pokodzera. Sukulu ija ya ana 1,200, titati theka ndi atsikana, ifunika maenje 24 a atsikana ndi 12 a anyamata. Ahedi awerenge okha amene ali nawo. Dzenje likumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime, ndiponso kumunsi kwake. Nthaka ya kuno imamwa mvula yambiri, kotero dzenje losamangira njerwa m'mbali, makamaka kumtunda kwake, limagumuka mu Januwale ana ali pomwepo. Kumbaninso ngalande yopatutsa madzi a padenga ndi a pabwalo. Bowo lisakhale lalikulu, chifukwa mwana wa Sitandade 1 akaliopa amakakhala kuseri kwa khoma, ndipo ntchentche za pamenepo n'zimene zimatera pa phala.

Tsopano tifike pamene pamavuta kwambiri, tsiku la mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba. Likodzo silichokera m'madzi othamanga ndi ozizira a kuphiri ayi. Nkhono zimene zimasunga tizilombo take zimakonda madzi oima kapena oyenda pang'onopang'ono: madamu, maiwe, ngalande za mthirira ndi madambo a kuchigwa, kumene ana amasambira ndi kuwedza poweruka. Mwana wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono, kenaka n'kutuluka n'kuboola khungu la wina amene waponda m'madzimo. Chizindikiro chake ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. M'midzi ina amati mnyamata akatero ndiye kuti akukula. Kumeneko n'kudwala, ndipo kukakhalitsa kumatha magazi ndi kuwononga chikhodzodzo ndi impso. Kwa atsikana likodzo limafika ndi ku ziwalo zoberekera, mpaka mwana wosalakwa n'kumaganiziridwa matenda opatsirana pogonana.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo m'sukulu amaperekedwa potengera msinkhu pa ndodo yoyezera. Mwana wa masentimita 94 mpaka 109 amamwa piritsi limodzi, wa 110 mpaka 124 limodzi ndi theka, wa 125 mpaka 137 awiri, wa 138 mpaka 149 awiri ndi theka, wa 150 mpaka 159 atatu, wa 160 mpaka 177 anayi. Ayezedwe atavula nsapato, ndodo itaima chilili pamalo osalala, osati kuyerekeza ndi maso kapena kugawa potengera kalasi, pakuti mu Sitandade 4 mokha muli wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Albendazole wa njoka za m'mimba ndi piritsi limodzi la mamiligalamu 400.

Praziquantel ngowawa ndipo pamimba pa njala amachititsa nseru, chizungulire, kupotokola m'mimba ndi kusanza. Zimenezi zimatha pakapita maola ochepa, koma zikachitikira ana makumi awiri nthawi imodzi, mbiri imafika m'mudzi ana asanafike, ndipo chaka chamawa makolo amawatsekera m'nyumba n'kumati mapiritsiwo ngoletsa kubereka. Gwero lake kawirikawiri n'laling'ono: galimoto ya mankhwala yafika 8 koloko, phala lisanapse, ogawa ali pa changu chopita ku sukulu ina. Lamulo likhale limodzi, phala poyamba, mankhwala pambuyo. Kumene kulibe phala, makolo auzidwe kudakali sabata, kudzera kwa amfumu ndi kutchalitchi kapena kumzikiti, kuti mwana abwere atadya kapena atenge mbatata, chinangwa chophika kapena nthochi. Auzidwenso pasadakhale kuti chizungulire chikhoza kubwera, ndipo kuti amene chimawavuta kwambiri nthawi zambiri ndi amene ali ndi tizilombo tambiri. Mwana ameze ndi madzi, mphunzitsi akuona, chifukwa amene wapatsidwa kuti akamwere kunyumba amataya m'munda wa tiyi. Akamwa akhale pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri. Amene akudwala kale tsikulo adikire, dzina lake lilembedwe kuti adzalandire akachira. Ndipo mankhwalawa sateteza za mtsogolo: wobwerera ku dziwe lomwe lija atenganso.

Phalalo nalonso lili ndi posamala. Matumba a ufa akhale pa thandala, osagunda khoma, ndipo ofika kale ayambe kuphikidwa. Chinyezi cha kuno, makamaka masiku a chiperoni, chimabweretsa chuku msanga, ndipo poizoni wa chuku mu chimanga ndi mtedza satha ndi moto. Ufa wonunkha nkhungu utayidwe, ngakhale mtima uwawe. Makapu asatsukidwe onse m'beseni limodzi la madzi osasintha.

Zina tingozitchula mwachidule. Mwana wotentha thupi asapatsidwe panado n'kugonekedwa pansi pa mtengo mpaka kuweruka. Apite akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize kumwa kasanu ndi kamodzi konse m'masiku atatu. Wotsegula m'mimba ayambe Thanzi ORS pomwepo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, akadali pa ulendo wa kuchipatala. Mphere sizitha pothandiza mwana yekha, a m'nyumba mwake onse ayenera kupaka mankhwala ndi kuchapa zofunda. Zipere zimayenda ndi lezala ndi chipeso chobwerekana. Atsikana a zaka 9 asaphonye katemera wa HPV woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Atsikana akuluakulu a m'makalasi apamwamba afunika kachipinda kosinthira pa nthawi ya msambo, ka chitseko chotsekeka, madzi ndi sopo mkati, kopanda kutero amajomba masiku angapo mwezi uliwonse ndipo kaundula amangoti ngaulesi.

Funso la ndalama silingalephere. Sukulu iliyonse ya boma imalandira ndalama yotukulira sukulu yotchedwa SIG, ndipo imachedwa, imachepa, tikudziwa. Komabe polemba dongosolo la chaka, sopo, WaterGuard, ndowa za kampopi ndi zivindikiro za zimbudzi zilembedwe mzere wakewake ndi mtengo wake, zisabisale pansi pa mawu oti "zina ndi zina". Mphunzitsi woyang'anira za umoyo ndi zakudya pa sukulu (SHN) apatsidwe kope limodzi lolembamo ana ojomba chifukwa cha matenda, kalasi ndi mudzi wawo, ndipo alangizi a zaumoyo a m'deralo aziliona kamodzi pa mwezi. Ana asanu a mudzi umodzi akatsegula m'mimba sabata imodzi, kopelo ndi limene lingaloze chitsime choyenera kuthiridwa klorini. Tikupemphanso a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, kuti akamayendera sukulu teremu ino, asanalowe mu ofesi kukaona masikimu, ayambe apita kuseri akawerenge maenje ndi kuponda mpondagiya aone ngati mukutuluka madzi.

Ndife,
Aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo ena,
Mulanje